Musanalandire makiyi: phunziro la nyumba ya lendi



Lero tikambirane za nyumba ya lendi. Ndikudziwa kuti ambiri mwa inu mukadali pakhomo pa makolo, ndipo nkhani ya lendi mumaimva ngati ya madoda. Koma dikirani kaye. Tsiku lomwe mudzayambe kukamba za nikah, nkhani ya mahari ikadzangotha, funso lotsatira lidzakhala loti mwana wa eniyo mukakhala naye kuti. Ine ndasamuka maulendo 4 m'zaka 12 muno mu Blantyre, ndipo zambiri zomwe ndilembe pano ndinaziphunzira ndi ndalama za m'thumba mwanga. Inu muzimve zaulere.

Tisanasamukire komwe tili pano, tinkakhala ku Ndirande m'nyumba ya mdadada. Makomo 6, mpopi umodzi, bafa limodzi, chimbudzi chimodzi, mita ya magetsi imodzi. Sindikunyoza Ndirande ayi. Msika unali pafupi, azana tinkaimva tili pabedi, ndipo mwana akadwala usiku aneba ankadzuka tisanawaitane. Koma banja litakula zinthu zinayamba kuthina. Mayi a kunyumba akafuna kukasamba ankavala ngati akupita m'tauni, chifukwa pabwalo pankakhala anyamata a bawo tsiku lonse. Udhu wa Fajr tinkachita kuimira pamzere. Mayunitsi akatha, pankabuka mlandu wofufuza kuti ndani akubisa ayironi. Ndipo mwana wathu wamkazi ankayandikira zaka 10 akugonabe pabalaza ndi mlongo wake, pomwe tinaphunzitsidwa kuti pa msinkhu umenewo ana azipatulidwa pogona. Ndiye mu 2024, mvula itatha, tinayamba kusaka nyumba ya zipinda zitatu, ya mumpanda, kudera kopanda phokoso.

Ndisanapitirire, tiyeni tione kaye kuti lendi ndi chiyani m'maphunziro athu. M'mabuku a fiqh imatchedwa ijarah. Pogula mumatenga chinthu chenichenicho nkukhala chanu. Pa ijarah chinthucho chimakhalabe cha mwini wake, inu mwagula phindu lake lokha kwa nthawi yodziwika. Ma ulama anaika mfundo zoti mgwirizanowu ukhale wolondola: onse awiri avomere mwaufulu, wobwereketsayo akhale mwini kapena wotumidwa ndi mwini, mtengo udziwike, nthawi idziwike, phindu lomwe mukugulalo lidziwike ndipo likhale lololedwa. Mukaona bwino, liwu lomwe likubwerezedwa ndi limodzi: kudziwika. Chisilamu sichifuna malonda a mumdima, omwe wina amadzazindikira mochedwa chomwe wagula. Ine mavuto onse omwe ndakumana nawo pa lendi anachokera pa chinthu chomwe sindinachidziwe, kapena chomwe ndinachita manyazi kufunsa.

Tiyambe ndi mwini nyumba. Masiku ano nyumba timazipeza pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp, ndipo pakati pamakhala madobadoba. Ntchito ya mkhalapakati pa malonda si haramu. Munthu akakupezerani nyumba ayenera kulandira zake, bola mtengo wake munagwirizana poyamba. Vuto ndi lakuti si onse amene amagwira ntchitoyi moona. Ine wina ananditengera ku nyumba yokongola, yamatailosi, ya siling'i. Tinapeza bambo wina ali ndi makiyi, akuyankhula ngati mwini. Anati anthu ena atatu akuifuna, ndiye ngati ndili wotsimikiza nditumize kangachepe pafoni kuti andisungire. Ndinatumiza madzulo omwewo. Patapita masiku awiri foni sinkapezekanso. Nditabwererako, aneba anandiuza kuti bamboyo anali mlonda chabe, eni ake ali ku Joni, ndipo ine sindinali woyamba. Ndalama ija inali ya yunifolomu ya ana. Mayi a kunyumba sanakalipe, anangofunsa kuti, "Kodi abambo, aneba omwe akuuzani lerowa, dzana kunalibe?" Ndinasowa choyankha.

Ndiye funsani. Gogodani khomo loyandikana nalo, mufunse kuti nyumba iyi ndi ya ndani. Pemphani kuona bilu ya madzi, muone dzina. M'madera ambiri muli amfumu kapena atsogoleri a m'dera omwe amadziwa poloti iliyonse. Kumadera monga Nkolokosa, Chinyonga ndi Kanjedza kuli nyumba zomwe zinamangidwa ndi bungwe la Malawi Housing Corporation. Zina anthu anagula, zina akadali kuchita lendi kubungweko, ndiye dziwani ngati amene akukupatsani makiyiyo ndi mwini kapena nayenso ndi wa lendi. Ndalama musapereke musanakhale pansi ndi mwini weniweni kapena womuimira wodziwika. Ndipo mukamva kuti m'bale wina wagwirizana kale ndi eni nyumba, musapite kuseri kukawonjezera mtengo kuti mumulande. Zimenezo tinaletsedwa.

Tsopano pa phindu lomwe mukugula, apa ndi pomwe ndikufuna tikhalitsepo. Ambirife tikamaona nyumba timawerenga zipinda, kuyang'ana penti, kutsegula mawindo, basi. Koma munthu wa banja sachita lendi makoma okha. Mukulipiranso msewu, madzi, aneba, mtunda wopita kusukulu ndi kumsikiti. Zimenezi sizioneka masana a Loweruka pomwe dobadoba akukufulumizitsani.

Nyumba ina tinakaiona m'mphepete mwa phiri la Soche. Mtengo wake unali wotsika modabwitsa, ndipo uli pakhonde tauni yonse imaoneka. Ine ndinali nditagwa nayo kale m'chikondi. Mayi a kunyumba ndi omwe anazungulira kuseri nkundiitana kuti ndidzaone khoma la mpanda: theka lake linali la njerwa zatsopano, ndipo chapafupi panali chigwembe chodzaza miyala ikuluikulu. Tonse tikukumbukira zomwe namondwe wa Freddy anachita mu March 2023, pomwe matope ndi miyala zinatsika m'phirimo nkukwirira nyumba ndi anthu ku Chilobwe ndi madera oyandikira. Allah awachitire chifundo omwe anatisiya. Nyumba ikatchipa kwambiri, pali chifukwa, ndipo chifukwacho muchidziwe musanalowe. Blantyre ndi mzinda wa mapiri ndi mitsinje. Nyumba yomwe mwaiona mu July muifunse za January. Madzi a mvula amadutsa pati? Mlatho womwe ana azidzawoloka umasefukira? Galimoto imafika pakhomo nthawi ya dzinja, kapena wodwala amachita kumunyamula mpaka kumsewu wa tala?

Pomaliza tinapeza nyumba ku Chigumula, mbali ya msewu wochokera ku Limbe kupita ku Thyolo. Ulendo uno ndinali nditachenjera. Ndinapitako katatu ndisanapereke ngakhale tambala. Koyamba masana, ndi mayi a kunyumba. Kachiwiri Lachisanu usiku, ndekha, kukangoima panja kwa kanthawi ndikumvetsera. Pamenepo ndi pomwe umadziwa ngati kuseri kuli bala kapena malo a kachasu, ngati msewu uli ndi kuwala, ngati achitetezo a m'dera amayendadi. Kachitatu m'mamawa, nthawi yomwe anthu amapita kuntchito, kukaona ngati minibasi zimapezeka kapena zimadutsa zitadzaza kale kuchokera ku Bvumbwe.

Za madzi musafunse eni nyumba okha. Funsani amayi a khomo loyandikana, chifukwa ndi omwe amadzuka usiku kukatunga. Madzi ambiri a mu Blantyre amachokera mumtsinje wa Shire, pa Walker's Ferry, ndipo amachita kuwapopa ndi magetsi kukwera mtunda wa makilomita oposa 30 kuti afike mumzinda. Ena amachokera ku damu la Mudi, ena ku Likhubula ku Mulanje. Mzinda womwe madzi ake amakwera phiri chonchi, nyumba ziwiri za dera limodzi zitha kusiyana: ya kumunsi mpopi ukutuluka, ya kumtunda kuli gwaa. Kwa ife amene timafuna madzi kasanu patsiku, osawerengera kusamba ndi matewera a mwana, funso ili si laling'ono. Onani ngati pali thanki, kapena mjigo pafupi. Onaninso ngati mita ya madzi ndi ya magetsi ndi zanuzanu, komanso ngati amene anatulukamo sanasiye ngongole.

Kenako tengani cholembera muwerengere. Tiyerekeze kuti nyumba ya kufupi ndi ntchito ndi K200,000 pamwezi, ndipo ya kunja kwa tauni ndi K150,000. Mukuona ngati mwapulumutsa K50,000. Koma ngati minibasi ndi kabaza zikukudyerani K1,500 popita ndi K1,500 pobwera, masiku 26 pamwezi, ndiye K78,000 imeneyo, ya munthu mmodzi. Simunawerengere ana, simunawerengere ulendo wa kuchipatala, simunawerengere masiku omwe mafuta asowa mitengo nkukwera. Ine ndimagwira ntchito ku Limbe, ndiye Chigumula inandiyenera. Wogwira ntchito ku Chirimba akanachita bwino kuyang'ana ku Machinjiri, Kameza kapena Lunzu. Dera labwino kwa mnzanu litha kukhala lokusaukitsani inu.

Pali chinthu chimodzi chomwe ndinachidziwa koma ndinachipeputsa, ndipo ndinene mosabisa. Komwe tili pano azana sitiimva. Msikiti ulipo, koma ndi ulendo wa mphindi pafupifupi 25 wapansi, ndipo m'miyezi ya June ndi July, chiperoni chikagwa, Fajr ya pa jamaa imafuna mtima. Ku Ndirande ndinkangotuluka ndi patapata. Mwezi woyamba kuno ndinazindikira kuti ndaswali Fajr kumsikiti masiku owerengeka, ndipo ana anajomba ku madrasa kangapo chifukwa pobwera kunkada. Madera a mipanda ali ndi bata, inde, koma batalo lili ndi mtengo wake. Mutha kukhala miyezi itatu osadziwa dzina la neba. Mutha kudwala sabata yathunthu popanda wogogoda pageti. Dera loyenera banja si lachete lokha. Ndi lomwe mwana wanu akasochera wina amudziwa kuti ndi wa khomo liti. Ife tinachita kuyamba tokha kugogoda m'mageti, kupereka moni, kutumiza mbale ya futari mu Ramadhan kwa aneba, Asilamu ndi omwe si Asilamu. Tinapezanso mabanja ena awiri omwe ana awo amapita ku madrasa yomweyo, ndiye timasinthana kuwaperekeza. Zikuyenda, Alhamdulillah, koma ndikanakhala kuti ndikusankhanso, mtunda wa kumsikiti ndikanauyenda wapansi ndisanavomere, osati kungouona ndili pa kabaza.

Tibwere pa kulemba. Eni nyumba yathu ndi mayi wachikulire, wamasiye, wa Mvano. Amakhala kutsogolo, ife kuseri, mpanda umodzi koma aliyense geti lake. Nditawauza kuti ndikufuna tilemberane, nkhope inasintha.

"Mwana wanga, mukundiyesa wakuba? Anthu onse akhala muno sitinalemberanepo."

"Iyayi mayi, si choncho. Ine ndi amene ndimaiwala. Komanso moyo ndi wa Mulungu. Mawa ine kapena inu titachoka, ana athu adzakangana pa zomwe sanamve."

Anakhala chete pang'ono, kenako anatuma mdzukulu kukatenga kope. Ndinawauzanso kuti m'Qur'an ndime yaitali kuposa zonse, ya 282 mu Surah Al-Baqarah, imakamba za kulemba ngongole ndi kuika mboni. Ma ulama ambiri amati kulembako ndi kolimbikitsidwa, osati kokakamiza, koma taganizani: nkhani ya ndalama pakati pa anthu awiri inapatsidwa malo aakulu chotero. Ife timaona ngati kulemberana ndi kusakhulupirirana, makamaka ngati eni nyumba ndi Msilamu mnzathu kapena wachibale. Kunena zoona, lendi yomwe inandipweteka kwambiri m'mbuyomu inali ya kwa m'bale wa mumsikiti mwathu momwe. Tinangogwirana chanza nkunena In shaa Allah. Potuluka, iye ankakumbukira zina, ine zina, ndipo mpaka lero salamu yathu ndi yozizira. Palibe ananama dala. Tinangosiya zinthu zambiri mumdima.

M'kope la mayi aja tinalembamo zinthu wamba. Lendi ndi zingati, ilipidwa pofika tsiku liti, ndipo kudzera njira iti; ndikatumiza pa Airtel Money kapena Mpamba uthenga ndimausunga, ndikapereka pamanja amasaina m'kopemo. Ndalama ya miyezi itatu yomwe ndinalipiratu tinailemba kuti ndi lendi ya miyezi yakutiyakuti. Ndalama ya chikole tinailemba payokha, kuti ndi yosungitsa, idzabwezedwa potuluka kupatula zomwe ndawononga. Awiriwa musawasakanize, chifukwa mikangano yambiri ya potuluka imayambira pamenepa. Tinalemba kuti wofuna kuthetsa mgwirizano apereke notisi ya miyezi iwiri. Tinazungulira nyumba yonse limodzi, ndikujambula pafoni galasi losweka la kubafa, chitseko chosatsekeka bwino, ndi manambala a pa mita. Mboni zinali ziwiri, mwana wawo wamkulu ndi mnzanga wa kuntchito.

Pa zokweza lendi tinakambirana nthawi yaitali. Mu November 2023 ndalama ya kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo tonse tinaona momwe simenti, malata ndi penti zinakwerera. Eni nyumba nawo ndi anthu, amagula mumsika womwewo. Sindingawauze kuti lendi isadzakwere mpaka kalekale. Koma pa ijarah mtengo womwe mwagwirizana pa nthawi yomwe mwagwirizana sungasinthidwe ndi mbali imodzi pakatikati. Ndiye tinalemba kuti mtengo uwu ndi wa chaka chimodzi. Chikatha tidzakhala pansi, ndipo ngati akufuna kukweza andiuziretu miyezi iwiri isanakwane. Uthenga wa pa 28 woti "kuyambira mwezi wa mawa lendi yakwera" umagwetsa mabanja m'ngongole za katapila.

Mayiwo anali ndi lamulo lina lomwe ankagwiritsa ntchito kwa anthu akale: ukachedwa kulipira, pa sabata iliyonse pawonjezekepo kenakake. Ndinawapempha mwaulemu kuti limenelo tilichotse. Lendi ikakwana nthawi yake imasanduka ngongole, ndipo kuwonjezera ndalama pa ngongole chifukwa cha kuchedwa ndi riba. M'malo mwake tinalemba kuti ndikalephera miyezi iwiri yotsatizana popanda kumvana, ali ndi ufulu wondipatsa notisi. Anavomera, amvekere, "Bola zimenezo, chifukwa zowonjezerazo palibe anandipatsapo."

Za kukonza nazo zili ndi malire odziwika. Zomwe zimapangitsa nyumba kukhala nyumba, monga denga, khoma, mapaipi a pansi ndi dzenje la chimbudzi, ndi udindo wa mwini, chifukwa iye ndi amene akugulitsa phindu la nyumbayo ndipo ayenera kulipereka lathunthu. Zing'onozing'ono za tsiku ndi tsiku, monga mababu ndi kutchetcha pabwalo, ndi za wokhalamo. Wa lendi amatengedwa ngati wosungitsidwa amana: chikawonongeka chokha ndi ukalamba salipira, koma chikawonongeka chifukwa cha kusasamala kwake alipira. Tinalembanso kuti eni nyumba akafuna kudzaona m'kati azitiuza kaye. Nyumba ndi yawo, koma ulemu wa m'katimo ndi wathu, ndipo mlongo wanu asamadzidzimuke ndi munthu wolowa ndi kiyi wapadera iye ali chivulire mutu.

Tsono pano ndisamangoloza eni nyumba. Ife a lendi tili ndi zathu. Timakhoma misomali paliponse, timathira madzi a nsima musinki mpaka kutseka, timabweretsa achibale 5 m'nyumba yomwe tinati tikhalamo anthu 5, ena timasamuka usiku ndi ngongole ya miyezi itatu kenako Lachisanu tili pa safu yoyamba. Ine ndemwe chaka chatha, Eid itayandikira, ndinatenga ndalama ya lendi nkugulira ana zovala, ndikudziuza kuti mayi aja adikira, si anthu ovuta. Sindinawauze kanthu. Patapita masiku 9 anabwera okha madzulo, osakalipa, nkukhala pampando wa pakhonde. Anati mdzukulu wawo wabwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi, ndipo fiziyo imachokera pa nyumba yomwe ndikugonamo ine. Abale anga, manyazi omwe ndinamva tsiku limenelo sindinawamvepo. Ndinali ndi ndalama, ndinasankha kuchedwetsa, ndipo tikudziwa kuti kuchedwetsa ngongole uli nazo ndi kupondereza. Komanso kwa mayi amenewo, ine ndi Msilamu yemwe amamuona tsiku ndi tsiku. Zomwe ndinawalalikira za ndime ya ngongole zija anali akuzikumbukira. Ndinabwereka kwa mnzanga usiku womwewo nkukapereka. Kuyambira pamenepo, malipiro akangolowa lendi ndi yoyamba kutuluka, ndipo mwezi ukavuta ndimapita ndekha kukanena tsiku lisanakwane.

Mu January mvula ya mphepo inakanganula lata limodzi pamwamba pa chipinda cha ana, madzi nkulowa mpaka pa matilesi. M'mawa ndinapita kutsogolo. Mayi aja anatulutsa kope lija, tinawerenga mzere wa denga, ndipo anati pakali pano alibe ndalama m'manja. Tinagwirizana kuti ndigule lata ndi misomali, ndilipire mmisiri, ndisunge malisiti, ndipo zidzachotsedwe pa lendi ya February. Tinalemba pansi pa tsamba lomwelo, tonse nkusaina. Nkhani yonse inatha tiyi asanazizire. Galasi la pawindo la kukhitchini lomwe mnyamata wanga anaswa ndi mpira sabata yotsatira, limenelo ndinagula ndekha, ndipo m'kope sitinalembemo.